Galimoto ya kaunjika inandidyera mpamba pa Mwanza

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga anandipeza ndikumwa tiyi pa benchi yathu ija ya pamalire pa Mwanza, nkundiika foni pamphuno. "Amalume, taonani ichi!" Kuyang'ana, galimoto yakuda bii, yonyezimira ngati nsapato ya mkwati, ili ku Japan, mtengo atalemba m'madola pansi pake. Mnyamatayu ali ndi hokala ya ziwiya za pulasitiki ndi mafuta ophikira ku Limbe, ndipo zaka zinayi zapitazi yakhala ikuyenda bwino ndithu. Ndiye akuti ine ndimuonjezere pang'ono, iye akokolola mpamba wonse wa mu hokala, galimoto ibwere.

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Ndinangoti aitanitse tiyi, ndilipira ndine. Koma usiku tulo sindinatione, chifukwa nkhope imene anali nayo mnyamatayu ndikuidziwa. Ndinaivalapo ine mu 1998 ku Durban. Choncho ndati nkhaniyi ndiilembe muno kuti iye awerenge, nanunso anzanga a mumsika wa Limbe, wa Ndirande, wa Lilongwe ndi kwina konse muwerenge, poti ndikudziwa kuti ambiri mwa inu muli ndi kachithunzi ka galimoto m'foni kamene mumakasuzumira makasitomala akachepa.

Benchi ndikunenayi ili kuseri kwa tiyirumu ina, kufupi ndi pamene mathiraki amafola kudikira mapepala. Pamakhala madalaivala, anyamata osintha ndalama, maejenti a za kasitomu, ndi ife amene miyendo inatopa. Nkhani pamenepo ndi ziwiri basi, mpira ndi galimoto, koma youtsa mkangano ndi ya galimotoyi. Alipo a mpingo wa Toyota, amene mukatchula Nissan amakuyang'anani ngati mwatukwana m'tchalitchi. Alipo a Benz, amene amati zina zonsezi ndi zitini. Theka la akatswiri amenewa ngakhale njinga yakapalasa alibe, koma musayerekeze kuwatsutsa za kukula kwa injini. Ine amandipatsako ulemu pa benchipo, osati poti ndine wanzeru ayi. Onse akudziwa kuti galimoto yanga inagona masiku 23 m'kati mwa mpanda wa pamalirepo, ine ndikumaizonda pawaya ngati m'bale wa mkaidi.

Ana a lero sangamvetse njala ya galimoto imene tinali nayo zaka zimenezo. Nthawi ya chipani chimodzi galimoto inali ya bwana wa m'boma, mmwenye wa sitolo, abambo a ku mishoni ndi mwini esiteti. Munthu wamba ukangotulukira ndi galimoto yowala, mafunso amayambika kuti ndalama wazitenga kuti, ndipo lamulo lolanda katundu lija la Forfeiture Act linali pompo. Ife tinkakwera basi za UTM, kenako za Stagecoach, apo ayi matola, pamwamba pa matumba. Msewu wa ku Tete nawo unali wa imfa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Koma mu Okutobala 1992 boma la Frelimo ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome, mu 1993 ife tinavota referendamu, mu 1994 a Bakili Muluzi nkulowa m'boma akulimbikitsa mabizinesi ang'onoang'ono. Zipata zinatseguka. Pa Mwanza pano tinayamba kuona galimoto za ku Japan zikulowa mondondozana ngati linthumbu, pagalasi atalembapo ndi choko: Hiace, Corolla, Sprinter, Carina. Anthu anazitcha za kaunjika, ndipo dzinalo linakhala, poti nzoonadi kuti wina anavala kale.

Mwina mumadabwa kuti Ajapani amatayiranji galimoto zabwinobwino. Kwawoko kuli lamulo lounika galimoto, amati shaken. Yatsopano imaunikidwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo ndalama zake nzowawa, moti ambiri amaona kuti bola kugulitsa nkugula ina. Mwayi wathu ngwakuti nawonso amayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja ngati kwathu kuno. Ku Durban zinkaunjikana chifukwa dziko la South Africa sililola kuti zikhazikike m'dzikomo, amateteza mafakitale awo. Zimangotsika m'sitima nkudikira ife a maiko oyandikana.

Ine geni yanga inali ya manachesi. Mukudziwa inu kuti nachesi ya ku Mwanza siichita kuitanira. Nyengo yake ikakwana ndinkapikula m'midzi ya ku Thambani ndi ku Kunenekude nkukatsitsa ku Limbe, ikatha ndimagwira mbatata ya kachewere. Vuto linali thiransipoti. Mwini pikapu ya hayala amadya phindu langa asanalawe ndi nachesi imodzi yomwe. Tsiku lina pikapu inatifera pa Zalewa, dzuwa lili pamutu, katundu anagona masiku awiri, theka nkuphikika m'matumba. Usiku umenewo ndi pamene tinagwirizana ndi mayi a kunyumba, amene anali ndi benchi ya zitenje mumsika wa Limbe, kuti zivute zitani tigule pikapu yathu. Tinasunga nyengo zitatu za manachesi, iwo nkuikapo ya chipereganyu chawo. Ejenti wina anatiwerengera msonkho wa pikapu, ndalama imeneyo tinaipatula m'makwacha, mayi nkuimanga pachitenje. Yotsalayo ndinaisintha kukhala madola.

Pondiperekeza pa Wenela mu Ogasiti 1998, mawu awo omaliza anali awa: "Bambo, pikapu. Mwamva? Pikapu."

Ndinamva. Mulungu ndi mboni, ndinamva.

Koma abale, amene simunaone mayadi a galimoto a ku Durban a nthawi imeneyo musandiweruze msanga. Galimoto mazanamazana, zogundana mabampa, dzuwa likuthwanima pamagalasi mpaka maso kuwawa. Mapikapu analipo ochepa, otopa, mabodi opindika, mtengo uli kumwamba poti aliyense wochokera ku Zambia, ku Zimbabwe ndi kwathu kuno amafuna yomweyo. Masiku awiri ndinazungulira ndikugogoda mabodi. Tsiku lachitatu, pakona ya yadi ina, ndinaiona. Toyota Cresta ya 1989, yoyera ngati ufa wa pamphale. Mipando yake yofewa atayiveka nsalu za lesi zoyera, ngati za pa mpando wa kwa abusa. Mawindo ongodina batani. Wogulitsa anatsegula boneti nkuliza injini, ya masilinda 6, 2000cc, kenako anaimika kandalama kachitsulo pamwamba pake. Sikanagwe. Injini ikulira koma osamveka, ngati mphaka ali m'tulo.

Mkuluyo anati inali ya gogo wina wamkazi wa ku Tokyo amene amangopitira nayo kumsika Loweruka. Pambuyo pake ndinamva kuti pafupifupi galimoto iliyonse imene inadutsa pa Mwanza zaka zimenezo inali ya gogo yemweyo. Ayenera kuti anali ndi galimoto zambiri mayi ameneyu! Wotchi imaonetsa makilomita 48,000. Ndipo chimene chinandimaliza nchakuti mtengo wake, madola 3,000, unali wotsika kuposa wa pikapu yotopa ija. Mumtima ndinati: kodi ndikhale chitsiru, kusiya chokongola chotchipa nkugula chonyansa chodula? Sindinadzifunse kuti chatchipiranji. Galimoto zikuluzikulu zoterezi zimatchipa chifukwa odziwa amazithawa, amadziwa zimene zili kutsogolo.

Ndinadziona ndikutsika pa tchalitchi Lamlungu. Ndinadziona ndikuimika pakhomo pa apongozi. Matumba a manachesi sindinawaone nkomwe.

Tinanyamuka galimoto zitatu, ine ndi Amalawi ena awiri amene tinakumana komweko, wina ndi Hiace, wina ndi Corolla. Masiku amenewo umaloledwa kuiyendetsa wekha pamsewu wa South Africa ndi chilolezo cha masiku ochepa. Ulendo wa makilomita opitirira 2,000. Kukwera mapiri kuchoka ku Durban, Pietermaritzburg, Harrismith, Johannesburg, kenako kulunjika kumpoto kudzera ku Pietersburg, kumene lero amati Polokwane, mpaka Messina ndi mlatho wa Beitbridge pa Limpopo. Pamisewu yosalala imeneyo Cresta inali mfumu. Anzanga ndimawasiya ngati aima, nkumakawadikira kutsogolo ndikumwa Fanta. Chimodzi chokha chinkandidetsa nkhawa: pa filing'i siteshoni iliyonse wa Corolla amathira theka la zimene ndimathira ine. Ndinadzitonthoza kuti ndi chifukwa cha liwiro.

Wailesi inakana kulankhula njira yonse. Mawailesi a m'galimoto za ku Japan FM yawo imayambira pa 76 nkulekera pa 90, pamene masiteshoni ambiri a kuno ali pamwamba pa 90. M'kati munali mutatsalira kaseti, inakanirira osatuluka, ya mayi wina woimba Chijapani molira. Ndinamumvera kuchoka ku Durban mpaka ku Mwanza. Mwina ndiye gogo uja.

Zimbabwe tinadutsa bwino, kupatula abulu ndi ng'ombe za pamsewu wa Masvingo usiku. Harare, Mutoko ndi miyala yake yosanjikizana, Nyamapanda. Titaoloka pa Cuchamano kulowa Mozambique dziko linasintha. Malambe okhaokha, fumbi, ndipo m'mbali mwa msewu munali mukadali zigoba za mathiraki ootchedwa nthawi ya nkhondo, zadzimbiri, mitengo itamera m'kati. Ndalama yawo ya meticais inali isanachotsedwe maziro atatu, anadzachotsa mu 2006, ndiye ukasintha pang'ono pokha umasanduka miliyoneya wa Fanta ndi mkate.

Tisanafike pa Changara ndinangomva phuu! Galimoto nkuyamba kuvina. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika ngati chitenje chakale. Wa Hiace uja, amene unali ulendo wake wachinayi, analiyang'ana nkuseka. "Achimwene, awa ndi matayala a chisanu. Kwawoko amayendera pa ayezi. Labala wake ndi wofewa, phula la ku Tete samalidziwa." Kutsegula buti, sipeya yake kanali katayala koonda ngati ka wilibala. Ndinakwawa nako mpaka mu Tete, kumene ndinagula matayala awiri ogwiritsidwa kale ntchito pamtengo wa atsopano, tikumvana theka Chinyungwe theka Chichewa. Ngakhale unali Ogasiti, masana a ku Tete anali ngati uvuni ya njerwa.

Mlatho wa pa Zambezi, uja wolendewera pa zingwe umene anaumaliza Apwitikizi mu 1973 nkudzautcha dzina la Samora Machel, ndinauoloka mtima uli m'mwamba, madzi ali mbee uku ndi uku. Kenako Moatize ndi fumbi lake la malasha, nkuyamba kukwera mapiri. Mphepo inayamba kuzizira, anthu a m'mbali mwa msewu nkumalankhula Chichewa chenicheni. Pa Zobue anyamata osintha ndalama anandithamangira. Mmodzi anati, "Bigi, ngati muli ndi madola gwiritsitsani, kwacha yagwa kumudzi." Ndinaseka. Ndinati ndi machenjera a anyamata a pamalire. Madolawo ndinalibenso, anali atathera m'thanki ndi m'matayala.

Pa Mwanza ndinafika madzulo, ndikuliza hutala kuti anthu akwathu aone. Anaonadi. M'mawa mwake ejenti uja anabwera, anaizungulira kamodzi, nkuvula chipewa kukanda m'mutu.

"Akulu, mwabweretsa chiyani?"

"Simukuona? Cresta."

"Ndikuona. Koma ine ndinawerengera pikapu."

Anakhala pansi ndi kakyuleta, ndipo chimene anandiphunzitsa m'mawa umenewo ndikupatsani ulere, ine ndinachigula modula. Msonkho wa galimoto sawerengera pa ndalama imene iwe ukuikumbukira m'mutu. Nthawi imeneyo ankatenga mtengo wake m'madola, kuphatikizapo zoyendetsera ndi inshuwalansi, nkuusintha kukhala makwacha pa mtengo wa dola wa nthawi imene ukulowetsa galimotoyo, osati wa tsiku limene unachoka kunyumba. Pamenepo nkumasanjikizapo misonkho, wina pamwamba pa unzake. Ndipo galimoto yonyadira ya injini yaikulu siilipira mofanana ndi yonyamula katundu. Ndiye ine zinandimenya mbali ziwiri. Mtundu wa galimoto ndinasintha ndekha. Kwacha nayo inali itagwadi mwezi womwewo ndili m'njira. Amene munali pa geni nthawi imeneyo mukukumbuka: chaka cha 1998 chimayamba dola ili cha m'ma K21, chimatha ili cha m'ma K44, ndipo kugwa kwakukulu kunali kwa mu Ogasiti. Ya pachitenje ija sinafike ndi theka lomwe.

Ndinalowa mu ofesi kukadandaula. Bwana amene ndinamupeza anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, nkunditembenuzira buku kuti ndiwerenge ndekha. Sanandibere, sanandipemphe kanthu. Makiyi ndinasiya pomwepo.

Mafoni a m'manja nthawi imeneyo anali a mabwana. Ndinatuma kondakitala wa minibasi kuti akauze mayi ku Limbe kuti ndafika, abwere ndi chitenje chija. Anafika m'mawa, atavala bwino, nkhope ili mwee. Ndinawatengera kuwaya. Maso awo amafunafuna m'kati mwa mpandamo.

"Ili kuti?"

Ndinaloza.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Bambo, manachesi tizipakira pati? Pa malesipo?" Sanakalipe, sanalire. Anamasula chitenje, anandipatsa ndalama, nkukakwera minibasi yomwe anabwererayo. Bola akanandilalatira pagulu, ndikanapeza poyankhira.

Masiku 23 amenewo ndinkagona kwa achimwene anga kumudzi, m'mawa nkumalawirira pamalire ngati wolembedwa ntchito. Tsiku lililonse ndalama yosungira galimoto imakwera, ndipo ejenti anandichenjeza kuti katundu akakhalitsa osaomboledwa boma limagulitsa pa okushoni. Adobadoba ananunkhiza msanga. Amabwera mmodzimmodzi, mwachifundo ngati a pamaliro: "Bwana, tikupatseni theka, msonkho tilipira tokha, mupumule." Ndi pamene ndinayamba kukhala pa benchi ija.

Panali madala ena, malemu tsopano, amene anayendetsa mathiraki pa msewu wa Tete m'ma 1980, nthawi imene amayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Ankati ukamva mfuti suima, ngakhale mnzako wa kutsogolo akupsa. Iwowa galimoto imene amailemekeza inali imodzi yokha, Peugeot 504 ya pikapu, ati imeneyo umaikonza ndi waya ndi sipana ya 13 pansi pa mtengo. Koma akatchula Peugeot amatsitsa mawu, monga timachitira tonse a kuno, poti mu Meyi 1983 ndi mu Peugeot mmene anapezeka a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga ku msewu wa Thambani, boma nkulengeza kuti inali ngozi, kufikira kafukufuku wa nthawi ya a Muluzi atanena poyera kuti anachita kuphedwa. Tinakhala zaka 11 tikudziwa koma osatsegula pakamwa.

Madalawo anandiyang'ana masiku angapo osanena kanthu. Tsiku lina anati, "Mwana wanga, galimoto imagulidwa katatu. Koyamba kwa mwini wake, kachiwiri pamalire, kachitatu kwa makaniko. Iwe wagula kamodzi ndipo wagwa kale. Gulitsa kwa afisiwa, uluze theka, ukayambirenso."

Anali malangizo abwino. Ndinawakana. Chifukwa chake ndikuuzani mosabisa: manyazi. Mwanza yense anali atandiona ndikuliza hutala. Ndikanayenda bwanji pa boma anthu akuloza kuti si uja anagulitsa galimoto isanatuluke mumpanda?

Anaiombola ndi mayi a kunyumba. Anagulitsa zitenje zonse za pa benchi pamtengo woodera, zina kutsikirapo, kwa anzawo omwe ankapikisana nawo. Yotsala tinakatenga katapila kwa mkulu wina wa ku Bangwe. Ndipo ya fizi ya mwana wathu woyamba, amene anali Fomu 2 kusukulu yogonera konko, inalowa momwemo. Teremu yomaliza ya chaka chimenecho anakhala pakhomo, anadzabwereza kalasi. Lero ndi mayi wa ana atatu, sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale kamodzi, ndipo nchifukwa chake imandiwawabe.

Tsono ndisakunamizeni kuti sindinakondwe nayo. Tsiku limene inatuluka, makilomita 100 a ku Blantyre ndinawayenda ngati nduna. Pa Zalewa, pomwe manachesi anga anaphikikira, anthu amasuzumira kuti aone bwana ali m'katimo. Miyezi iwiri inanyamula akwati atatu, maliboni ali petupetu. Kutchalitchi anandisankha kukhala wa komiti ya zomangamanga. Kukoma kwake kunalipo, ndipo aliyense wokuuzani kuti ulemu wa galimoto ndi wachabe sanaulawe.

Koma kugula kwachitatu kunafika. Cresta ndi yogwa pansi, inapangidwira misewu ya ku Japan. Ulendo woyamba wa ku Thambani mwala unaboola sampu, oyilo yense pansi. Buti ndi mpando wakumbuyo pamodzi zimanyamula matumba asanu, pamene pikapu ya hayala imanyamula makumi awiri, ndiye ndinapezeka ndikuchitabe hayala, kwinaku ndikumwetsa masilinda 6. Makaniko wa sampu uja ndiye anandionetsa kapepala komata pansi pa boneti, kolembedwa Chijapani koma manambala ake owerengeka: timing belt inasinthidwa pa makilomita 102,000. Wotchi yanga inali isanafike ndi 55,000 pomwe. Gogo wa ku Tokyo!

Chinaimaliza ndi giyabokosi. Inali ya otomatiki, ndipo nthawi imeneyo amisiri athu ambiri anali asanazizolowere. Wina anathiramo oyilo wolakwika, inayamba kuchedwa kusintha magiya, kenako inangoti zii pa chitunda cha ku Ndirande. Ya otomatiki siilira ndi kukankha, anyamata anangotuluka thukuta pachabe. Ndinazungulira msika wa Ndirande benchi ndi benchi. Za Corolla zinali mbwee, za Hiace mpaka kuponda. Ndikati Cresta, amayitana anzawo kuti adzamve. Inakhala pa miyala miyezi 7, nkhuku zikuikira pansi pake, katapila akubereka ana. Mu 2000 ndinaigulitsa pa ndalama yosafika ngakhale msonkho umene ndinalipira pa Mwanza. Benchi ya zitenje inatenga zaka zinayi kuti ibwerere m'chimake.

Pikapu tinadzagula mu 2004, konkuno, kwa munthu wa mu Blantyre: ka Nissan 1400 kopangidwa ku South Africa, koyera kale, chitseko chomangira chingwe. Msonkho anali atalipira kale ena, ziwawa zake zinali zodziwika, ndipo sipeya yake umaipeza ngakhale kwa wogulitsa misomali. Ku ukwati sikanaitanidwepo. Kanatigwirira ntchito zaka 11, kanaphunzitsa ana awiri otsalawo, ndipo pa vuto la mafuta la 2011 kamangofuna malita ochepa nkukafika ku Limbe pamene zikuluzikulu zili pamzere.

Lero zambiri zasintha, mphwanga wa foniyu sakunama. Ku South Africa analetsa kuyendetsa galimoto zoterezi pamsewu, zimachita kunyamulidwa pa thiraki mpaka kumalire, ndipo ambiri anatembenukira ku doko la Dar es Salaam nkumalowera pa Songwe ku Karonga. Pa Mwanza timaonabe zochokera ku Beira ndi ku Joni. Ku Tete anamanga mlatho wachiwiri wa Kassuende mu 2014, mathiraki sapanikizananso pa wakale uja. Munthu sachitanso kukwera basi kukagogoda mabodi, amangosankha pafoni, ndipo kampani ina yogulitsa galimotozi, Be Forward, dzina lake linafika mpaka pa malaya a timu ya Wanderers kwa zaka zingapo. Msonkho kuyambira 2000 amatolera ndi a MRA, ndipo umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto: ikakalamba kwambiri, chilango chimakula.

Pa benchi pathu mkangano wa masiku ano ndi wa Sienta, Probox, Freed ndi Mira. A Benz aja amati Sienta ndi bokosi la machesi. Ine ndimawauza kuti bokosi limenelo ladyetsa mabanja ambiri kuposa Benz iliyonse m'dziko muno, ngakhale sindigwirizana ndi kupakiramo anthu khumi ndi mbuzi. Probox ndi yonyansa, inde, koma Ajapani anaipangira ntchito, ndipo wa geni akandifunsa ndimaloza imeneyo kapena ka lole ka Dyna ngati thumba likulola. Tizing'onoting'ono ngati Mira timamwa ngati mbalame, koma ndi ta m'tauni, musatitengere ku Neno nthawi ya dzinja. Zambiri za masiku ano giyabokosi yake ndi ya CVT, yofuna oyilo wakewake, ndipo zimene zinandichitikira ine zikuchitikabe sabata ndi sabata. Za hybrid ndimangomvera achinyamata akukangana, koma funso langa limakhala lomwe lija: batire lake likafa, ku Ndirande lili pa benchi ya ndani, ndipo ndi zingati? Musanatumize ndi dola imodzi yomwe, pitani kaye mukafunse mtengo wa nyali yakutsogolo, shoko ndi giyabokosi ya galimoto mukuifunayo. Akakayitana anzawo kuti adzamve, bwererani.

Chimene sichinasinthe ndi kwacha. Mu Febuluwale 1994 anaimasula, chaka chimatha dola itachoka pa K4 ndi kanthu kufika pa K15. Za 1998 ndakuuzani. Mu Meyi 2012 inachoka cha m'ma K167 kufika K250 tsiku limodzi. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola nkufika pa K1,700 ku banki, osanena za kuseri. Tsono galimoto ya pafoni imatha milungu ingapo ili panyanja. Iwe walipira kale madola, ya msonkho wasunga m'makwacha, sitima ili pakati pa madzi. Kumapeto kwa 2023 ndinaona anyamata angapo ataima pawaya, manja ali m'thumba, akuyang'ana m'kati. Sindinachite kufunsa. Mmodzi ndinamugulira tiyi.

Dzulo mphwanga uja anabweranso. Ndinamuuza kuti akulitse chithunzicho ndione dzina. Toyota Mark X, injini 2500cc, masilinda 6. Ndinaseka mpaka kutsokomola, iye nkumadabwa. Cresta inali mphasa ya Mark II, ndipo Mark X ndi imene inalowa m'malo mwa Mark II mu 2004. Ndiye kuti mdzukulu wa Cresta yanga wandilondola mpaka pa benchi.

Ndinamufunsa kuti mabeseni ndi zigubu za mafuta azipakira pati. Anati buti yake ndi yaikulu. Ndinamufunsa ya msonkho, anati ejenti wawerengera kale. Ndinati pa dola ya liti? Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Amalume, inu nthawi yanu inali ina."

Ndinamutengera kunyumba kuti akapereke moni kwa azakhali ake. Nditawafotokozera, mayi sananene zambiri. Anamuuza kuti adzuke pa sofa pamene anakhalapo, nkumuonetsa nsalu za lesi zimene zayala pamenepo, zachikasu tsopano, zosokedwa m'makona. Pa Cresta yonse ndi zokhazo zimene anachotsa tisanaigulitse.

"Uziona bwino, mwanawe," anatero. "Izi ndinagula ndi benchi yathunthu ya zitenje."

Loweruka akubweranso, ndamuuza kuti abwere ndi mkazi wake ndi buku la mu hokala. Ya pikapu kapena Probox ndili nayo pang'ono yomuonjezera. Foni akuti sanafufutebe chithunzi chija.